Madamu Namakhwa ndi Anthu Obwereka

Emmie Namakhwa anabadwira m'kachisakasa ka udzu kuseri kwa chigafa, pa esiteti ina ya kwa Lukwa, nyengo yothyola fodya. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe. Anabwera ku Kasungu pa lole, atauzidwa kuti kuno munthu amalima chaka chimodzi chokha n'kubwerera kwawo ndi malata, njinga ndi wailesi. Bambo ake anadikira malatawo mpaka anaikidwa m'manda a eni dera, chakumapeto kumene amagoneka alendo. Mayi ake anapirira zaka zina zingapo, kenako anabwerera ku Phalombe ndi chifuwa chimene sanabwere nacho.

Sukulu anaiphunzira modumphadumpha, chifukwa banja la tenanti limasamuka bwana akangotopa nalo. Mayeso a Sitandade 8 anawalemba kawiri. Mayi wina wa ku tchalitchi anamutenga kuti azimulerera ana uku akuphunzira sekondale, ndipo Emmie analera anawo, natsuka mbale, nakhoza mayeso. Atamaliza ku koleji ya aphunzitsi anamutumiza ku sekondale yoyendera ya kwathu kuno kwa Chulu kudzaphunzitsa sayansi. Ife a pa tireding'i tinamulandira ngati mwana wa m'tauni. Za kuseri kwa chigafa sankabisa, koma palibe ankamufunsa. Munthu wovala magalasi ndi nsapato za gogoda safunsidwa kumene anabadwira.

Sayansi ya pa sukulu yathu inkakhala m'kabati ya mu ofesi ya ahedi, a Geoffrey. Munali makina oonera tizilombo opanda galasi lake, ndi botolo la mankhwala limene dzina lake linafufutika mphunzitsi wakale asanapume pa ntchito. Kabatiyo inkatsegulidwa kukabwera alendo. Masiku ena onse Madamu Namakhwa ankajambula zipangizo pa bolodi, ana n'kumaziloweza ngati mayina a mizinda ya kunja imene sadzaiona.

Chaka china bungwe lina la ku Lilongwe linatulukira chimene chikupha sayansi m'dziko muno. Si kusowa kwa mabuku kapena zipangizo ayi. Vuto n'loti aphunzitsi sadziwa kugwira ntchito ndi anthu akumudzi pa kafukufuku. Choncho pa tchuthi cha Khirisimasi linasonkhanitsa aphunzitsi okhala kumidzi, n'kuwatsekera m'malo ogona alendo a pa boma, a mpanda wa njerwa ndi mlonda pa geti, kuti akaphunzire za anthu akumudzi.

Wophunzitsa wamkulu anali Dokotala Cornelius, bambo wa mawu ofewa ndi shati ya chitenje yosita bwino. Anthu akumudzi ankawakonda kwambiri, moti ankawatchula kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya tiyi, n'kuyambiranso masamusa akatha. Anawaphunzitsa aphunzitsiwo kuti ukafika pamudzi uzipereka moni. Akakupatsa mpando uzikana, ukhale pansi. Akakupatsa thobwa uzimwa osayang'ana m'chikho. Madamu Namakhwa, amene m'mawa uliwonse ankaima pa mzere wa pa mjigo limodzi ndi amayi a m'mudzi, analemba zonsezi mwaulemu.

Lachinayi kunali sewero. Mphunzitsi mmodzi akhale wofufuza, wina akhale munthu wakumudzi. Woyamba kukhala wakumudzi anali Prosper, mphunzitsi wa ku sukulu ina. Anamanga nsalu ya pa tebulo m'chiuno, anawerama msana, n'kuyamba kunjenjemera.

"Ife ndife mbuli, bwana," anatero akuomba m'manja mwaulemu. "Zonsezi ndi ufiti basi. Tithandizeni inu ophunzira."

Holo yonse inagwa ndi phwete. Dokotala Cornelius anapukuta misozi, nati sanaonepo munthu wakumudzi weniweni ngati ameneyu.

Kenako anaitana Madamu Namakhwa. Iye sanamange nsalu. Anakhala pansi, natambasula miyendo, n'kuyamba kuyendetsa manja ngati akusoka kanthu. Anali atakumbukira mayi ake. Wofufuza atapereka moni wake wautali, Madamu sanadzutse mutu.

"Mwabwera ndi ndani?" anafunsa. "Abwana akudziwa kuti muli pano? Mukanyamula mawu angawa n'kupita nawo, ine ndigona kuti?"

Dokotala Cornelius anaimitsa sewerolo.

"Madamu, mwayesetsa," anatero mokoma mtima. "Koma munthu wakumudzi safunsa mafunso otere. Amakhala wansangala, womasuka. Inu mwamuika nzeru za m'tauni. Muzipeza nthawi yocheza nawo anthu amenewa, muwadziwe."

"Zikomo, adokotala," anatero Madamu akusasa fumbi pa siketi. "Ndiyesetsa."

Tsiku lotsekera Dokotala Cornelius anawapatsa aphunzitsiwo ntchito. Aliyense abwerere kwawo, aitanitse anthu a m'dera, anthuwo asankhe okha funso limene likuwasowetsa mtendere, ndipo afufuze limodzi. A bungwe adzabwera pa Isitala kudzaona zotsatira.

Ahedi a Geoffrey atamva nkhaniyi sanavutike kufunafuna anthu a m'dera. Anthu a m'dera anali a Samsoni Kamphulusa, tcheya wa komiti ya makolo, mwini wa esiteti yoyandikana ndi bwalo la mpira la sukulu. Ndi amene anapereka njerwa za chimbudzi cha atsikana, ndipo dzina lawo linalembedwa pakhoma la chimbudzicho ndi penti wofiira kuti mibadwo isaiwale. Msonkhano unachitikira m'kalasi ya Fomu 4. Kunabwera eni maesiteti, akulu a mpingo, ndi mayi Rahila a golosale, amene anaitanidwa chifukwa akanabweretsa zakumwa.

Funso silinachedwe kupezeka.

"Tifufuze ulesi wa matenanti a masiku ano," anatero a Samsoni. "Fodya akangokhwima, onse malungo. Wina mutu, wina m'mimba. Masamba akupsa m'munda, iwo ali gone pansi pa chigafa."

"Nanga eni akewo bwanji sitinawaitane, atcheya?" anafunsa Madamu.

"Amenewo si a kuno, Madamu. Ndi obwera. Akuluakulu aja anati anthu a m'dera."

Mitu inagwedezeka kuvomereza. Mayi Rahila okha, amene agogo awo anachokera ku Mangochi ndipo mpaka lero amatchedwa obwera, ndi amene anayankhula akutsegula botolo.

"Ulesi wake ndi wachilendo," anatero. "Mwezi wa Febuluwale umandithera panado yense m'golosale."

Madamu anavomera kufufuza ulesiwo. A Samsoni anakondwa, namulola kulowa pa esiteti nthawi iliyonse, kuti sayansi itsimikize zimene iwo ankadziwa kale.

Loweruka lina mvula itakata, Madamu anavula gogoda, navala patapata, napita ku chigafa. Amayi amene ankasoka fodya atangoona magalasi anaganiza kuti ndi aja oyendera ngati ana akugwiritsidwa ntchito. Makambirano anatha. Wamkulu pakati pawo anali mayi Fainala, wa ku Mulanje, wamtali, wa mawu omveka tsidya lina la dambo. Madamu anapereka moni monga anaphunzitsidwira, nakhala pansi. Mpando woti akane panalibe.

Mayi Fainala sanadzutse mutu.

"Mwabwera ndi ndani? Abwana akudziwa kuti muli pano?"

Madamu anadziluma mlomo kuti asaseke. Anatola singano ya waya imene inali pa mkeka, nakoka mulu wa masamba, n'kuyamba kuboola mapesi ake n'kumawatsetsereza pa chingwe. Manja anakumbukira okha. Posakhalitsa zala zinada ndi utomoni. Mayi Fainala anayang'ana manjawo kwa nthawi.

"Manja awa si a choko chokha. Kwanu n'kuti, Amadamu?"

"Ku Phalombe. Koma ndinabadwira kuseri kwa chigafa ngati chino."

"Ndiye mwabwera kudzatiseka, achemwali?"

"Ayi. Andituma ndidzafufuze ulesi wanu."

Amayiwo anaseka mpaka wina anatsamwa. Kenako anayamba kufotokoza, onse nthawi imodzi. Munthu amalowa m'munda m'mamawa ali bwinobwino. Dzuwa likamafika pamutu, dziko limayamba kuzungulira, nseru, kusanza, thukuta lozizira. Ukapita ku chipatala akubaya chala, akuti malungo mulibe, bwerera ukagwire ntchito. Mayi Fainala anali ndi yankho lawo: abwana anakhwimira munda kuti uziyamwa mphamvu za antchito n'kuzipititsa m'masamba, n'chifukwa chake mabelo awo amalemera.

Madamu anakumbukira mayi ake atagona chafufumimba pa mikangala yopachikira fodya, iye akuwapatsira madzi. Ku koleji anawerengapo kuti chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Chimene bukulo silinanene n'choti munthu wopanda magolovesi, wopanda jekete, wokhala ndi kapitawo kumbuyo, angachite chiyani. Anawauza zonsezi mosabisa.

"Za chikongazo ndi zanu," anatero mayi Fainala. "Ine ndikuti ndi mankhwala. Koma tiyeni tiyese, tione amene akunama."

Anagwirizana kugawana m'magulu atatu. Ena azithyola monga mwa nthawi zonse. Ena azivala pulasitiki pachifuwa ndi m'mikono. Ena aziyamba ndi ntchito za m'chigafa, n'kulowa m'munda mame atauma. Gulu lililonse linali ndi chitini chake, ndipo munthu akadwala ankaponyamo njere ya chimanga. Mapulasitiki anapereka mayi Rahila, aja okulungira mabelo a shuga. Anawaboola okha ndi sizasi malo a mutu.

Kafukufuku wa sabata yoyamba anadyedwa ndi nkhuku. Anayambiranso ndi timiyala.

Sizinayende mosalala. Pulasitiki pa dzuwa la Malichi imaphika munthu wamoyo, ndipo ena anatuluka nsungu m'khwapa. Azibambo anakana kuvala, amati akuoneka ngati katundu wodikira minibasi. Gulu lodikira mame linkatukwanidwa ndi kapitawo tsiku ndi tsiku, moti masiku ena linkalowa m'munda mame asanaume. Madamu ankapita Loweruka lililonse, n'kusoka fodya, n'kukangana ndi mayi Fainala, n'kubwerera ndi zala zakuda zimene ana a Fomu 2 ankaziyang'ana pa bolodi Lolemba. Aphunzitsi anzake ankanong'onezana kuti wayamba ganyu.

Kuthyola kutatha anakhuthula zitini pa mkeka. Chitini cha othyola mwa nthawi zonse chinali chodzaza. Cha a pulasitiki chinali ndi timiyala tochepa. Cha odikira mame, munthu akanatha kutinyamula m'dzanja limodzi.

"Mwaona?" anatero Madamu. "Ndi madzi a pa masamba."

"Ndaona," anatero mayi Fainala. "Mankhwala a abwana sadutsa pulasitiki, ndipo amaopa dzuwa."

Anakangana mpaka anatopa. Palibe anagonja, koma onse anagwirizana kuti chaka chamawa mapulasitiki awaboole m'khwapa.

A Samsoni anakumana ndi Madamu pa bwalo la mpira, nafunsa ngati ulesi uja wapezeka.

"Wapezeka, atcheya. Uli m'mame. Anthu akamalowa m'munda masamba atauma, sadwala kwenikweni."

"Ndiye ine ndizidyetsa anthu oti azikhala n'kumadikira dzuwa?"

"Angayambe ndi za m'chigafa, atcheya. Ntchito ndi yomweyo."

A Samsoni anati anatumiza mphunzitsi wa sayansi, osati wa sitalaka. Kuyambira tsiku limenelo kapitawo anauzidwa kuti akaona magalasi pa esiteti awabweze.

Isitala inafika, a bungwe sanabwere. Anatumiza uthenga woti galimoto ili ku garaja. Kenako anati akudikira azungu awo. Fodya anauma, anasankhidwa, anadindidwa m'mabelo pa jeke, anapita ku okushoni. Msika utatha, a Samsoni anaitana mabanja onse amene anaponyapo kamwala m'chitini, nawathokoza chifukwa cha ntchito yabwino, n'kuwauza kuti chaka chamawa malo palibe.

Lole imene inawanyamula inaima pa tireding'i kuthira madzi m'injini. Mphepo ya Julaye inali ikuulutsa fumbi. Madamu anatuluka m'kalasi choko chili m'manja, nathamangira kumsewu. Mayi Fainala anali pamwamba pa mitolo, atakumbatira mpoto ndi nkhuku.

"Tapita, achemwali. Akuti ku Mchinji kuli bwana wabwino."

"Mundikhululukire, amayi. Ndine ndakuchotsetsani."

"Akanatichotsabe tsiku lina," anatero mayi Fainala. "Inu mwangowathandiza kuti asachedwe."

Ananena akumwetulira, koma Madamu sanamwetulire. Sabata imeneyo anaphunzitsa mongoyang'ana pa bolodi. Mayi Rahila amati Madamu ankabwera ku golosale, n'kukhala pa benchi, n'kuchoka osagula kanthu.

A bungwe anafika mu Seputembala, pa galimoto ziwiri zoyera, ndi munthu wa kamera. Vuto linali limodzi: anthu a m'dera amene anachita kafukufuku anali ku Mchinji. Koma ahedi ndi a tcheya ndi anthu oganiza msanga. Anabwereka amayi a kwaya ya ku tchalitchi kwa a Samsoni, amayi a pabanja olemekezeka amene sanathyolepo fodya wa munthu wina chibadwire. Anawaveka mapulasitiki atsopano pamwamba pa yunifolomu ya kwaya. Popeza mu Seputembala m'munda mulibe fodya, anawaimika m'munda wa mapesi okhaokha, n'kuwauza kuti aziwerama ngati akuthyola. Wa kamera anawapempha kuti awerame momwetulira.

Kabati ya sayansi inatsegulidwa. Makina opanda galasi anaikidwa pa tebulo la alendo, pafupi ndi maluwa a pulasitiki. A Samsoni analankhula m'malo mwa anthu a m'dera. Anati iwo monga kholo sankagona tulo poona antchito awo akudwala, ndipo ndi iwo amene anaumiriza kuti nkhaniyi ifufuzidwe. Pamenepa sananame kwenikweni.

Kenako anaitana Madamu Namakhwa kuti afotokoze mwachidule. Madamu anaimirira. Anafotokoza za magulu atatu aja ndi zitini. Atamaliza sanakhale pansi.

"Adokotala, pali chimodzi. Anthu amene ndinagwira nawo ntchitoyi kuno kulibe. Anachotsedwa pa esiteti chifukwa cha kafukufuku yemweyu. Amayi mukuwaonawa ndi a kwaya."

Mayi wina wa kwaya anayamba kuvula pulasitiki pang'onopang'ono, phokoso lake likumveka bwalo lonse. Ahedi anayang'ana nsapato zawo. A Samsoni anayang'ana chimbudzi chawo. Dokotala Cornelius anatsokomola, natenga maikolofoni.

"Madamu atikumbutsa mfundo yakuya kwambiri," anatero. "Dera si chinthu choima malo amodzi. Dera limayenda, limasintha, limapuma ngati munthu. Izi n'zimene timaphunzitsa. Tiwaombere m'manja!"

Anthu anaomba m'manja, ndipo a Samsoni ndi amene anaomba kwambiri. Kwaya inaimba nyimbo yothokoza alendo. Madamu analandira satifiketi ya luso logwira ntchito ndi anthu akumudzi, yolembedwa dzina loti Emily. Lipoti la bungwelo litatuluka, pachikuto panali a Samsoni atanyamula chitini ndi manja awiri, akuyang'ana kumwamba.

Temu isanathe, ahedi anamuitana Madamu mu ofesi, namuuza kuti akuluakulu aona kuti luso lake likuonongeka pa sukulu yaing'ono ngati yathu. Likufunika kwa Chisemphere, kumalire ndi nkhalango ya nyama, kumene mphunzitsi wa sayansi womaliza anathawa osatsanzika. Madamu anathokoza. Katundu wake anakwana pa ngolo imodzi.

Pa esiteti ya a Samsoni panabwera matenanti atsopano, ochokera ku Thyolo, amene anauzidwanso za malata. Mu Febuluwale anayamba kubwera ku golosale kudzagula panado. Mayi Rahila amawagulitsa, n'kuwonjezerapo pulasitiki yoboola kale, n'kuwauza kuti asanene kumene aitenga. Ena amavala. Ena amafolera nayo denga pamene pakudontha.

Kwa Chisemphere Madamu sanaitanitse msonkhano uliwonse. Anthu anabwera okha, atamva kuti mphunzitsi watsopano amakonda kuyesa zinthu. Bambo wina anamupeza akutunga madzi, navula chipewa.

"Amadamu, akuti chingwe chopaka tsabola ndi oilo wakale chimathamangitsa njovu. Ndi zoona?"

"Sindikudziwa, bambo. Tiyeni tikayese."

Anazunguliza chingwecho minda itatu, nasiya ina itatu. Njovu zinabwera, zinanunkhiza chingwe, zinayetsemula, n'kuzungulira mwaulemu kukalowa m'kamunda ka Madamu mwini wake, kamene tsabola sanakafikire chifukwa anatha. Chaka chimenecho chimanga anagula pa msika.

Tsopano akuyesa njuchi, chifukwa wina anamva kuti njovu imaopa kulumidwa m'chitamba. Ndinakumana naye pa boma mwezi wathawu akugula waya wopachikira ming'oma. Diso lake lakumanzere linali lotupa moti magalasi anakhala mopendekera. Anati njuchi zakana kulowa m'ming'oma yambiri, ndipo zimene zalowa sizinaonane ndi njovu ngakhale imodzi, zikulimbana ndi iye. Anakweza waya wake pa kabaza, nandiuza kuti Loweruka akapachika ming'oma ina chakudambo, kumene kuli mthunzi.